Kasamalidwe ka revolver yogwira ntchito

Ine mfuti yongogona m'bokosi, yoti sinalirepo, sindiisirira. Webley (mtundu wa revolver, mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira) yosuluka pachigwiriro ndiye imandikoka mtima, bola izisamalidwa.

Mukabwera kowombera, itsegulireni poyera, muchotse zipolopolo, muyang'ane mabowo onse 6 a silinda, momwe mumalowa zipolopolo. Tsukani mpope ndi burashi, kenako kansalu kouma. Mwaye wa onga umakonda kubisala kutsogolo kwa silinda ndi pansi pa kachitsulo kokankha makoko a zipolopolo, musadumphepo. Mafuta akhale ochepa, ochuluka amaitana fumbi.

Kuno ku Blantyre chiperoni cha June ndi July chimabweretsa dzimbiri msanga, choncho musaigoneke m'chikwama chachikopa, chimasunga chinyontho. Posuluka musapalepo ndi sandipepa, chonde. Itsekereni mu sefa (bokosi lachitsulo lokiya), zipolopolo padera, laisensi yanu muziikonzanso isanathe.