Momwe mungapezere "Fix" yodalirika pamene siteshoni ili kutali

Anzanga opima malo kuno ku Johannesburg, kaya m'migodi kaya pomanga misewu, mukudziwa momwe zimawawira kuima dzuwa likuswa mtengo chida cha GPS chikungolemba "Float" (yankho losatsimikizika) m'malo mwa "Fix" (yankho lokhazikika). Gwero lake ndi loti risiva, chida cholandira siginalacho, imayeza bwino kachidutswa komaliza ka funde lochokera ku satelaiti, koma sidziwa kuti mafunde athunthu ndi angati pamtunda woposa makilomita 20,000. Pa mafunde awiri a GPS, lotchedwa L1 ndi lotalika masentimita 19, la L2 ndi 24. Siteshoni, risiva yokhazikika pamalo odziwika imene mumayerekeza nayo miyezo yanu, ikakhala pamakilomita 10 kapena 20, chiwerengerocho chimapezeka msanga. Ikatalikira, siginala imadutsa mlengalenga wosiyana kwa inu ndi kwa iyo, ndipo zolakwika sizifafanizana.

Yambani ndi pamene mwaimika antena. Talikiranani ndi madenga a malata ndi makoma agalasi ngati a ku Sandton, chifukwa siginala imanjanja pamenepo n'kufika mokhota. Gwiritsani risiva yomva mafunde awiri, ndipo mutsegule masatelaiti a GPS ndi a Galileo (a ku Ulaya) omwe. Msinkhu wa antena muulembe m'kabuku pompo.

Kenako ilekeni ijambule. Pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposa, ine sindichotsa chida maola anayi asanakwane. M'dzinja ndimalawirira m'mawa, popeza mabingu a masana amasintha chinyezi mofulumira.

Mukafika pakompyuta, tengani mafayilo a RINEX (osunga zimene risiva yajambula) a siteshoni ya TrigNet ya boma, ndi njira zenizeni za masatelaiti kuchokera ku IGS, bungwe la padziko lonse lowerengera njirazo. Njira zowerengedwa mwachangu zimatuluka pakatha tsiku limodzi kapena awiri, zomaliza pakatha milungu pafupifupi iwiri. Pulogalamu yaulere ya RTKLIB imakwana. Onani kaye pamene siginala inaduka, chifukwa ikaduka kuwerenga kumayambanso.

Apa ndiye pagona nkhani. Musathamangire funde la masentimita 19. Mukachotsa L2 ku L1 mumapeza funde lalikulu la masentimita 86, lotchedwa wide-lane, ndipo kuwerenga mitolo n'kosavuta kuposa kuwerenga nkhuni imodziimodzi. Masamu ophatikiza miyezo otchedwa Melbourne-Wübbena amalipeza mosasokonezedwa ndi ionosphere, gawo la kumwamba la mlengalenga limene limasokoneza siginala. Likakhazikika, mapulogalamu a mtunda wautali amatsikira ku funde lalifupi lotchedwa narrow-lane, la masentimita pafupifupi 11, atachotsa ionosphere ndi mafunde awiri aja. Mu RTKLIB sankhani Static (ya chida chosasuntha), ndipo muiuze kuti ionosphere ndi chinyezi iziwerengera yokha.

Manambala oyamba a mafunde amatuluka ndi zidutswa, monga 7.4, ndipo imeneyo ndiyo "Float". Musawazungulize ndi mutu. Njira ya LAMBDA, yomwe Peter Teunissen anatulutsa ku Delft, ku Netherlands, mu 1993, imafufuza manambala athunthu a masatelaiti onse pamodzi, kenako yankho loyamba limayerekezedwa ndi lachiwiri. Mu RTKLIB malire ake amakhala pa 3: loyamba liyenera kuposa lachiwiri katatu kuti pulogalamu ilembe "Fix". Ena amawatsitsa kuti aone "Fix" msanga, komatu kumeneko n'kudzinamiza. Kuli bwino kuchotsa masatelaiti otsika kuposa madigiri 15 n'kuyesanso.

Pomaliza, yezaninso mfundo yomweyo tsiku lina pa ola lina, kapena muitengere ku siteshoni yachiwiri. Posandutsa zotsatira kukhala za Hartebeesthoek94, dongosolo la miyezo ya malo la dziko lino, chenjerani kuti mzere wa madigiri 28 kum'mawa, umene uli malire a zigawo ziwiri za miyezo, umadutsa mumzinda muno. Pakati pa tauni pali m'chigawo cha Lo29, koma Roodepoort ili mu Lo27.