Posamuka, firiji ndi TV ziyende choimirira

Mwezi ukamatha malole a matani atatu sapuma m'matauni mwathu, anthu akusintha nyumba za lendi. Mpando ukathyoka mwendo panjira, kalipentala amalumikiza. Koma galasi la TV likang'aluka, ndalama yosinthira imatsala pang'ono kufanana ndi yogulira ina, ndipo mwini lole sangakulipireni. Choncho katundu wamagetsi musawasiyire anyamata aganyu kuti aone okha pomuika. Iwo amathamangira kumaliza kuti akagwire ganyu ina. Inu eni ake muime pomwepo mpaka chingwe chomaliza chitamangidwa.

Ntchito imayamba dzulo lake, ndipo imayambira pa firiji. Izimitseni kutatsala tsiku lathunthu, mutulutse zonse, chitseko chikhale chotsegula kuti ayezi asungunuke yekha. Musamagobe ayezi ndi mpeni. Timapaipi ta gasi timadutsa m'khoma momwemo, ndipo mukaboola kamodzi firiji yasiya kuziziritsa. Pukutani madzi, mashelefu agalasi muwakulunge padera m'matawulo, kenako mumange chitseko ndi chingwe kapena malegeni, mutayamba mwayala nsalu kuti penti isakalike.

Pa lole firiji iime chilili, itatsamira kumutu kufupi ndi kwa dalaivala, komwe sikudumpha kwambiri. Chifukwa chake ndi kompuresa, chimbiya chakuda chija chili kumbuyo chakumunsi. Muli mafuta amene amafewetsa injini yake. Firiji ikagonekedwa, mafutawo amayenderera n'kulowa m'mapaipi a gasi, ndiye mukaiyatsa nthawi yomweyo injini imazungulira youma, mwinanso mapaipi amatsekeka. Ngati galimoto ndi yaing'ono moti simungachitire mwina, igonekeni cham'mbali, osati chagada pomwe pali mapaipi, ndipo mukafika iime maola 24 musanailumikize. Ngakhale yayenda choimirira, ipatseni maola anayi kapena kuposerapo. Nyama ikudikirayo ndi yotchipa poyerekeza ndi kompuresa.

TV zamasiku ano zopyapyalazi nazo zimafuna kuima. Anthu ambiri amaona ngati kuigoneka pa matiresi ndiye kuisamala, koma galasi lalikulu lopyapyala likagona limatsala lopanda chochirikiza pakati, ndipo lole ikagwera m'dzenje kapena kudumpha hampu limapindika n'kung'aluka mkati, kunja likuoneka bwinobwino. Mumadzazindikira madzulo mutayatsa, mukuona mizere ndi chibanga chakuda ngati inki yotayika. Ngati katoni yake munasunga pamodzi ndi zoyera zopepuka zija, bwezeretsani momwemo. Ngati munataya, masulani miyendo yake, timasikuluwu mutiike m'kapepala ka pulasitiki n'kumata kumbuyo kwa TV. Kutsogolo phimbani ndi chitenje chofewa, pamwamba pake katoni yophwasula, kenako bulangete. Iimikeni pakati pa matiresi awiri, ndipo pasakhale mwendo wa tebulo kapena chigubu choyang'anizana ndi galasi. Ponyamula gwirani m'mphepete anthu awiri, zala zisakanikize pagalasi.

Musanazule mawaya kumbuyo kwa TV, dikoda ndi sabufa, jambulani ndi foni kuti mukaone polowetsa. Waya aliyense mumupinde payekha, ndipo marimoti onse alowe m'chikwama chimodzi mutachotsa mabatire. Dikoda ya DStv kapena GOtv musailekanitse ndi adaputa yake, chifukwa ma adaputa amafanana maonekedwe koma mphamvu zake n'zosiyana. Dishi ikafika kwatsopano imafuna wodziwa kuilozetsa, musataye tsiku muli padenga. Mpata womwewu kunthani fumbi, muonenso ngati mphemvu sizinamange mudzi mu sabufa kapena mu mayikulowevu, pokhapokha ngati mukufuna kusamuka nazo.

Laputopu, kompyuta ndi mafoni siziyenera kukwera kumbuyo. Zikhale pamiyendo panu kutsogolo, ndipo zikalata ndi zithunzi zofunika muzikopere pa fulashi musananyamuke. Ngati mukuyenda mtunda wautali, monga kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, malisiti a katundu wodula akhale m'thumba, popeza pamalodibuloko mukhoza kufunsidwa umboni woti ndi wanu.

Amene muli ndi sola, yambani mwachotsa mawaya a panelo ku kontirola, batire pambuyo, ndipo polumikiza kwatsopano muyambe ndi batire. Batire ya asidi iime bwino m'kireti, pamitu pake mutaphimba kuti sipanala kapena chitsulo china chisagunde mitu iwiri nthawi imodzi. Mapanelo ndi galasi, nawonso aime, pakati pawo pali katoni.

M'nyengo yamvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, musalole lole kunyamuka yopanda tenti ngakhale kumwamba kuli mbee. Chipangizo chikanyowa musachiyese ngati chikuyaka. Chisiyeni pouma podutsa mphepo masiku angapo, kapena chikaonedwe ndi amisiri, chifukwa chimene chimapsereza ndi magetsi okumana ndi chinyezi.

Mukafika, musakhulupirire masoketi a nyumba yatsopano musanawayese. Yambani ndi chinthu chotchipa ngati nyale yapatebulo, muone ngati soketi sikuthetheka kapena kugwedera. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, koma akabwera atazima nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira, ndiye firiji ndi TV zidzere pa gadi yoteteza. Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano obulungira pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakona anayi. Gulani adaputa yolimba kapena musinthitse pulagi kwa wamagetsi, osati kusomeka mawaya osenda m'soketi ndi timitengo ta machesi.