Momwe mungakonzere ulendo wa njinga pa timisewu tabata ta m'mapiri akumudzi

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti timisewu tomwe ndimapalasako tija, topanda malole komanso topanda munthu wokuimbira hutala kumbuyo, ndimatipeza bwanji. Ndiye ndati ndilembe momwe ine ndimachitira, kuti amene mukufuna kuyamba musakavutike ngati mmene ndinavutikira ine ulendo wanga woyamba.

Yambani ndi mapu, musanagwire n'komwe njinga. Ine ndimatsegula pulogalamu ya opalasa njinga ndi othamanga yotchedwa Strava n'kuyang'ana heatmap yake, mizere yowala ija ndi komwe anthu amapalasa kawirikawiri, koma musangoikhulupirira chifukwa nthawi zina msewu umawala poti anthu alibe kwina kodutsa, uli msewu waukulu wodzadza magalimoto. Mukaona msewu wolumikiza matauni awiri akuluakulu usiyeni, funani kamsewu kena kamene kakuyenda m'mbali mwake kapena kongolowa m'midzi n'kukatulukira kwina. Kamsewu kopita kumene amaswa miyala kapena kocheka matabwa kamaoneka kabata pa mapu koma m'kati mwa sabata mumadutsa malole olemera tsiku lonse. Kenako njirayo ndimaijambula mu Komoot kapena Ride with GPS, mapulogalamu okonzera njira, chifukwa amaonetsa kuti apa ndi phula apa ndi fumbi, ndipo komwe kuli Street View ya Google, zithunzi za misewu zija, ndimasuzumira malo awiri atatu kuti ndione mmene msewu ulili. Njira ikhale yozungulira, ndipo ngati n'kotheka popita muzilimbana ndi mphepo kuti pobwera, mutatopa, izikukankhani kumsana. Mukamaliza sungani fayilo ya njirayo, yotchedwa GPX, ndi mapu onse mu foni, kuzigwa netiweki imasowa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ine ndinagwa napo. Makilomita paokha sakuuzani kanthu m'mapiri. Ulendo wanga woyamba ndinasankha njira ya makilomita 70, ndinati awa ndimawatha bwinobwino pamalo osalala m'maola atatu, sindinayang'ane n'komwe nambala ina ija ili pambali yoonetsa mamita okwera, inali pafupifupi 1,400. Pofika kilomita ya 40 miyendo inali itatha, maondo akuwawa, madzi atatha, chitunda chilichonse ndimatsika n'kumakankha njinga nditavala nsapato zamapedulo zomwe kuyenda nazo pa phula n'kovuta, ndipo ndinakafika dzuwa litalowa ndilibe nyali. Ndinachita mantha zenizeni tsiku limenelo, msewu wakumudzi ukada umada ndithu.

Ndiye chitani chonchi, tengani mamita okwerawo mugawe ndi makilomita. Zikatuluka cha m'ma 10 pa kilomita dziwani kuti zitunda zilipo, zikafika 20 ngati njira yanga ija ndiye kuti tsiku lonse mukhala mukukwera kapena kutsetsereka, malo opumira miyendo palibe. Poyamba sankhani ya makilomita 40 ndi mamita osapitirira 500, muone mmene thupi likuchitira. Musalekere pomwepo, yang'ananinso chithunzi cha zitunda chomwe mapulogalamu aja amaonetsa, mupeze pomwe chitunda chili chokwera kwambiri. Akalemba 10% akutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse mukukwera mamita 10. Chitunda cha 4 kapena 5% mutha kuchikwera kwa nthawi yaitali mukupuma bwinobwino, cha 8% chimayamba kuluma, cha 12% kupita m'mwamba ngakhale chikhale chachifupi chimafuna giya yofewa basi. Ndipo musanyengeke ndi avereji, chitunda cholembedwa 6% chikhoza kukhala ndi kachigawo ka 14% pakati, ndipo timisewu takumudzi ndi tomwe timachita zimenezi chifukwa sanatidule mapiri ngati misewu ikuluikulu, timangokwera mmene phiri lilili. Onaninso kuti chitunda chachikulu chili pati, bola chikhale koyambirira kusiyana n'kuti mukumane nacho kwatsala makilomita 10.

Chachiwiri chimene chinandipweteka tsiku lija ndi magiya. Njinga yanga inali ndi magiya a mano 53 ndi 39 (53/39) kutsogolo, kumbuyo kaseti, mulu wa magiya akumbuyo uja, ya mano 11 mpaka 25 (11-25), ndiye giya yofewetsetsa inali 39 ndi 25, kutanthauza kuti mukazungulitsa mapedulo kamodzi njinga ikuyenda mamita opitirira atatu, pa chitunda cha 12% mumachita kuimirira n'kumaponda ndi thupi lonse. Pano ndili ndi 50/34 kutsogolo ndi 11-34 kumbuyo, pa 34 ndi 34 mapedulo akazungulira kamodzi tayala limazunguliranso kamodzi, mamita awiri ndi pang'ono, ndimakwera nditakhala pachishalo miyendo ikuzungulira momasuka. Ngati mapedulo akuzungulira kosakwana ka 60 pa mphindi kwa nthawi yaitali, maondo ndi amene amalipira. Ngati ndalama zavuta yambani ndi kaseti yokha, ndiyotsika mtengo kwambiri kuposa kusintha zakutsogolo, koma muyambe mwaona ngati derailleur yanu, chitsulo chosuntha tcheni pa magiya akumbuyo, ingalandire mano 32 kapena 34, zambiri zazifupi zija zimalekera pa 28 kapena 30, komanso tcheni chifunika chotalikirapo.

Pa nkhani ya tcheni ndinenepo pang'ono. Ndinagulapo kwa munthu wina wogulitsa pa intaneti, paketi yolembedwa dzina la kampani yodziwika, mtengo wake theka la wa kusitolo, patangotha miyezi iwiri chinali chitatanuka mpaka kudya mano a kaseti yatsopano ija, ndiye ndinagula zonse kawiri. Matcheni achinyengo alipo ambiri, ndipo mabuleki nawo ndi chimodzimodzi, mtengo ukatsika mopitirira muyeso ingosiyani. Kachitsulo koyezera tcheni n'kotchipa, guleni, ngati njinga yanu ndi ya magiya 11 kumbuyo sinthani tcheni chikatanuka kufika pa chizindikiro cha 0.5 cha kachitsuloko.

Matayala ikani a 28 kapena 32 mm ngati fulemu ikulola, ndipo musapope mpaka kuuma gwa, phula lakumudzi limakhala ndi zigamba ndi timiyala, tayala lofewerako limagwira bwino komanso manja sachita dzanzi.

Pokwera penipenipo, sinthani giya chitunda chisanakugwireni, osadikira kuti tcheni chizilira. Yambani pang'onopang'ono moti mutha kulankhula ndi mnzanu, mphamvu muzisungire kumtunda.

Potsetsereka gwirani mabuleki musanalowe pakona, osati muli kale m'kati. Musawagwire mokhalitsa mtsetse wonse, makamaka ngati ali ogwira pa limu, limu limatentha mpaka chubu kuphulika, muzigwira mwamphamvu n'kusiya, kugwira n'kusiya. Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, ingokankhirani thupi kumbuyo pang'ono. Khalani mbali yanu ngakhale msewu uli zii, kuseri kwa kona kumatha kukhala thalakitala, ziweto, mwana, kapena mchenga wokokoloka ndi mvula.

Zonyamula ndiye mukuzidziwa, machubu awiri, pampu, zigamba, tizitsulo tomasulira, chipewa choteteza mutu, nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo ngakhale mukuti mubwera masana. Madzi botolo limodzi la theka la lita pa ola, kukatentha onjezerani, ndipo chongani pa mapu pomwe mungakatunge ena. Muzidya pang'ono ola lililonse njala isanakupezeni. Kajekete kopepuka kalowe m'thumba, pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo kutsetsereka muli thukuta kumazizira koposa. Nyamukani m'mamawa, ndipo fayilo ya GPX ija mutumizireni wina kunyumba pamodzi ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kufika.