Mmene mungayezere mphamvu ya legacy musanafunsire malo ku mayunivesite apamwamba a ku America

Pa fomu ya Common App, imene mayunivesite ndi makoleji oposa 1,000 amagwiritsa ntchito polandira ofunsira malo, pali gawo lofunsa za banja. Amafuna kudziwa dzina la bambo ndi la mayi, ntchito imene amagwira, pamene analekezera sukulu, ndipo ngati anafika ku koleji, amafunsanso dzina la kolejiyo, digiri imene anatenga ndi chaka chimene anaitengera. Kwa ife amene tinazolowera kuti malo a ku mayunivesite a boma amaperekedwa kudzera ku NCHE poyang'ana mmene munthu wakhozera MSCE, mafunso amenewa amaoneka ngati a kalembera chabe. Komatu ku mayunivesite ena a ku America yankho la funso limodzi lokhali limatha kukweza mwayi wa wophunzira kangapo, ngati dzina la koleji ya makolo ake likufanana ndi la koleji imene akufunsirako malo. Wophunzira wotere amamutcha legacy, ndipo aliyense wofuna kulowa m'sukulu zimenezi, kaya ali ndi ubale woterewu kaya alibe, ayenera kudziwa kuyeza mphamvu yake pa sukulu iliyonse payokha asanasankhe kumene atumize mafomu.

Mwambowu unazika mizu m'zaka za m'ma 1920, pamene sukulu monga Harvard, Yale ndi Princeton zinaona kuti ana a Ayuda, ambiri a iwo ochokera m'mabanja amene anali atangosamukira ku America, akukhoza bwino ndipo akuchuluka m'makalasi. Kukondera ana a ophunzira akale inali imodzi mwa njira zosungira malo mabanja amene anakhalapo kalekale. Masiku ano mayunivesite amapereka zifukwa zina: amati mabanja amene aphunzira pamalopo mibadwo ingapo amakhala okhulupirika, amapereka ndalama zachitukuko, ndiponso amathandiza ophunzira atsopano kupeza ntchito. Kunena mwachidule, iwo amakhulupirira zoti chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndimaona kuti mwambowu ndi wopanda chilungamo, chifukwa umawonjezera mwayi kwa mwana amene anabadwa kale ndi mwayi wochuluka, koma poti ukadalipo m'sukulu zambiri zotchuka, wofunsira malo ayenera kuumvetsa bwino.

Poyamba penipeni, fufuzani ngati sukuluyo ingakuwerengeni ngati legacy, chifukwa tanthauzo la mawuwa limasiyana. Ku Harvard amawerenga mwana amene bambo kapena mayi ake anatenga digiri yoyamba ku Harvard College kapena ku Radcliffe, imene kale inali koleji ya akazi yogwirizana nayo. Kholo limene linangochitako digiri yachiwiri, kapena lomwe linaphunzira zamalamulo kapena zamalonda pa yunivesiteyo, silipereka mwayi umenewu. Ku Stanford n'kosiyana, pakuti amawerenganso ana a amene anachitako maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa mabanja athu, chifukwa anthu ambiri a kwathu amene anaphunzirapo ku America anapitako atatenga kale digiri yoyamba kunyumba, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti satifiketi imene yapachikidwa pabalaza idzatsegulira mwana khomo pamene sukuluyo siiwerenga n'komwe. Agogo, amalume, azakhali ndi achimwene amene anaphunzirako amawerengedwa ndi sukulu zina, koma mphamvu yawo ndi yochepa. Kafukufuku wa Michael Hurwitz wa mu 2011, amene anaunika makoleji 30 ovuta kulowa, anapeza kuti mwayi umene umabwera chifukwa cha kholo limene linatenga digiri yoyamba pa sukuluyo unkaposa katatu umene umabwera chifukwa cha achibale enawa.

Mukadziwa mbali imene muli, tsegulani chikalata chotchedwa Common Data Set cha sukulu imene mukuifuna. Mayunivesite ambiri amachitulutsa chaka ndi chaka pa intaneti, ndipo mumachipeza mukalemba dzina la sukuluyo pamodzi ndi mawu amenewa pa Google. Pitani pa gawo C7. Mudzaona tebulo limene kumanzere kwake kwandandalikidwa zinthu zimene amayang'ana posankha ophunzira, monga magiredi, mayeso, nkhani yolemba wophunzira, makalata a aphunzitsi ndi luso lapadera, ndipo kutsogolo kwa chilichonse kuli mabokosi anayi osonyeza ngati chinthucho ndi chofunika kwambiri, chofunika, chongoganiziridwa, kapena chosaganiziridwa konse. Tsetserekani mpaka pa mzere wolembedwa kuti "Alumni/ae relation". Ngati chizindikiro chili m'bokosi lomaliza, ndiye kuti ubale wa makolo ulibe ntchito pamenepo. Ngati chili pa "Considered", kutanthauza chongoganiziridwa, musafulumire kuganiza kuti ndi kanthu kakang'ono, chifukwa sukulu zimene zimakondera kwambiri ana a ophunzira akale nazonso zimachonga bokosi lomweli. Tebuloli limakuuzani ngati mwambowo ulipo, koma kukula kwake muyenera kukufufuza kwina.

Kukula kwake kunaonekera poyera pa mlandu umene bungwe la Students for Fair Admissions linasumira Harvard, womwe Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula pa 29 June 2023 poletsa mayunivesite kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira. Mlanduwo unakakamiza Harvard kutulutsa zikalata za zaka zisanu ndi chimodzi za kasankhidwe ka ophunzira, ndipo zinasonyeza kuti mwa ofunsira malo a ku America amene anali ana a ophunzira akale, oposa 33 mwa 100 alionse ankatengedwa, pamene mwa ofunsira malo wamba ankatengedwa pafupifupi 6 mwa 100. Katswiri wa zachuma Peter Arcidiacono ndi anzake anapezanso kuti 43 mwa ophunzira achizungu 100 alionse amene anatengedwa anali m'magulu anayi okonderedwa, omwe ndi amasewera, ana a ophunzira akale, ana a ogwira ntchito pa yunivesiteyo, ndi amene mayina awo anali pa mndandanda wapadera wa mkulu woona za kasankhidwe, momwe mumakonda kupezeka ana a anthu opereka ndalama zambiri.

Manambala amenewa muwawerenge mosamala. Ana a anthu amene anaphunzira ku Harvard nthawi zambiri amakulira m'nyumba za ndalama, amapita ku sukulu zabwino ndipo amakhoza bwino mayeso, kotero kuti ena mwa iwo akanatengedwa ngakhale popanda kukonderedwa. Funso loyenera ndi lakuti: pa ana awiri okhoza mofanana, ubale umawonjezera chiyani? Yankho lomveka bwino linachokera kwa Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman a gulu la Opportunity Insights, amene mu July 2023 anatulutsa kafukufuku wokhudza mayunivesite asanu ndi atatu otchuka a gulu lotchedwa Ivy League pamodzi ndi Stanford, MIT, Duke ndi Chicago. Iwo anapeza kuti mwana wa wophunzira wakale anali ndi mwayi wotengedwa woposa wa mnzake wokhoza mofanana pa mayeso olowera ku yunivesite a SAT kapena ACT pafupifupi kanayi. Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa kafukufukuyu ndi njira imene anatsimikizira zimenezi. Anatsatira ana omwewo pamene ankafunsira malo ku mayunivesite ena a m'gulu lomweli kumene makolo awo sanaphunzireko, ndipo kumeneko mwayi wawo unkangoposa wa anzawo pang'ono chabe. Choncho mphamvu ya legacy ndi yaikulu ndithu, koma imagwira ntchito pa khomo limodzi lokha, ndipo ngakhale ku Harvard kuja, awiri mwa ana atatu alionse a ophunzira akale ankabwezedwa.

Kenako onani ngati sukuluyo ikadatsatirabe mwambowu, popeza zinthu zasintha kwambiri m'zaka zaposachedwa. MIT ndi Caltech saganizira za ubale wa makolo, ndipo mayunivesite onse a University of California anasiya kalekale. Johns Hopkins inasiya mu 2014, ndipo inanena kuti ana a ophunzira akale anatsika kuchoka pa 12.5 peresenti ya ophunzira atsopano mu 2009 kufika pa 3.5 peresenti mu 2019. Amherst inasiya mu 2021, Wesleyan mu 2023. Zigawo zina zinachita kukhazikitsa malamulo: Colorado inaletsa mwambowu m'mayunivesite a boma mu 2021, Virginia ndi Illinois mu 2024, pamene Maryland inaphatikizapo ndi mayunivesite omwe si a boma. Ku California, lamulo loletsa mwambowu limene bwanamkubwa Gavin Newsom anasaina mu September 2024 linayamba kugwira ntchito pa 1 September 2025, koma Stanford inasankha kusiya kulandira ndalama za thumba la chigawocho lothandizira ophunzira kuti ipitirize mwambo wake. Chifukwa cha kusinthasintha kumeneku, musadalire zimene wina anakuuzani zaka zitatu zapitazo. Werengani Common Data Set ya chaka chomwecho ndi tsamba la ofesi yolandira ophunzira.

Ngati mwapeza kuti ndinu legacy pa sukulu imene imawerenga zimenezi, chisankho chachikulu chili pa nthawi yofunsira malo. Sukulu zambiri zili ndi njira ya Early Decision, imene mafomu ake nthawi zambiri amatsekedwa pa 1 November ndipo mayankho amabwera pakati pa December. Mumaloledwa kusankha sukulu imodzi yokha, ndipo mumasaina kuti akakutengani mudzapita komweko. Kwa zaka zambiri University of Pennsylvania inkanena poyera kuti ubale wa makolo umaganiziridwa kwambiri kwa amene afunsira malo m'njira imeneyi, ndipo chifukwa chake n'chomveka: sukulu ikaona mwana wa wophunzira wake wakale akudikira mpaka January kuti afunsire m'njira wamba, imadziwa kuti mtima wake uli kwina. Komabe musasaine musanakhale pansi ndi makolo n'kuwerengera ndalama, chifukwa Early Decision imakulandani mwayi woyerekeza thandizo la fizi limene sukulu zosiyanasiyana zikanakupatsani. Harvard, Yale, Princeton ndi Stanford zili ndi njira yofunsira msanga imene simakumangani, ngakhale imakuletsani kufunsira msanga ku mayunivesite ena omwe si a boma.

Pa fomu, lembani dzina la sukulu ya kholo, digiri ndi chaka molondola, basi. Sikofunika kudzaza nkhani yanu ndi zimene bambo ankachita ali pa sukulupo, pakuti owerenga anaona kale ubalewo pa tsamba loyamba ndipo chimene akufuna tsopano ndi kudziwa inuyo. Makolo nawonso adzigwire, asamaimbire foni ofesi yolandira ophunzira. Ndalama zochepa zimene ophunzira akale amapereka chaka ndi chaka sizifanana ndi mphatso zikuluzikulu zomangira nyumba zimene zimaika dzina la mwana pa mndandanda wapadera uja.

Ambiri mwa owerenga alibe ubale uliwonse ndi sukulu zimenezi, ndipo kwa iwo ndikufuna kuchita masamu ongoyerekezera. Tinene kuti yunivesite ina yalandira mafomu 50,000 ndipo ili ndi malo 2,000. Mwa ofunsirawo 1,000 ndi ana a ophunzira akale, ndipo 300 mwa iwo atengedwa. Otsala 49,000 akulimbirana malo 1,700, kutanthauza kuti mwayi wa aliyense ndi pafupifupi 3.5 peresenti. Mwambowo utathetsedwa n'kuyamba kuona onse mofanana, mwayiwo ungakwere kufika pa 4 peresenti yokha. Kwa ana mazana angapo amene akanalowa m'malo amenewo kusiyanaku ndi kwa moyo wonse, n'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka, koma kwa inu panokha chimene chikukutsekerezani kwambiri ndi kuchuluka kwa anthu ofuna malo ochepa. Kusiya kufunsira malo ku Yale chifukwa choopa ana a ophunzira akale kungakhale kulakwitsa, monganso kungakhale kulakwitsa kuika chiyembekezo chonse pa sukulu zimene zimatenga anthu osakwana asanu mwa 100.

Bwererani ku tebulo la C7 lija ndipo muone mzere wa "First generation", umene uli pafupi ndi wa ubale wa makolo. Sukulu zambiri zimaganizira mwapadera wophunzira amene makolo ake sanatenge digiri, choncho ngati bambo ndi mayi analekezera ku sekondale kapena ku pulayimale, lembani zimenezo mosachita manyazi. Kwa wofunsira malo wochokera kunja kwa America palinso funso lina limene nthawi zambiri limaposa la legacy, lomwe ndi lakuti kodi sukuluyo imayang'ana m'thumba mwanu posankha. Zambiri zimatero kwa ophunzira akunja, ndipo wopempha thandizo lalikulu la fizi amakhala pa mpikisano wovuta kwambiri. Zochepa chabe, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, ndi zimene zimasankha ophunzira akunja mosayang'ana ndalama kenako n'kulipira zonse zimene banja silingakwanitse. Mukaika mndandanda umenewu pambali pa wa sukulu zosaganizira ubale wa makolo, mudzaona kuti MIT ndi Amherst zikupezeka konsekonse, ndipo mwana wa mlimi amene wakhoza bwino kwambiri ayenera kuziganizira mozama.

Pokonza mndandanda wanu womaliza, tengani pepala ndipo kutsogolo kwa dzina la sukulu iliyonse mulembe zimene C7 ikunena pa mizere iwiri ija, chiwerengero cha ofunsira malo ndi cha otengedwa chimene chili pa gawo C1, ngati sukuluyo ili ndi Early Decision malinga ndi gawo C21, ndiponso mmene imachitira ndi ophunzira akunja opempha thandizo la fizi. Pepala limenelo mupite nalo kwa alangizi a EducationUSA, amene amagwira ntchito mogwirizana ndi ofesi za kazembe wa America ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare, ndipo muchite zimenezi mwezi wa August usanathe kuti aphunzitsi anu akhale ndi nthawi yokwanira yolemba makalata awo tsiku la 1 November lisanafike.