Khanda lafika pakhomo: mmene mungadutsire masabata 6 oyamba osapenga misala

Usiku wachitatu chibwerere kuchipatala ndi mwana wanga woyamba ndinakhala m'mphepete mwa bedi cha m'ma 2 koloko, mwana akulira, inenso ndikulira, bambo ake ataima pakhomo la chipinda atagwira thewera lomwe palibe anawatuma. Mmutu mwanga munali chinthu chimodzi basi, choti mkaka wanga sukukwana ndipo mwanayu ndimupha ndi njala. Kutacha tinapita naye kwa anesi, ndiye ine ndayamba kulongosola za kulira kuja, iwo anangondidula pakamwa nkufunsa kuti, "Amayi, kuyambira dzulo mmawa mwasintha matewera angati onyowa?" Ndinangoti kakasi. Maola onse amene mwana analira ndinali nawo mmutu koma thewera olo limodzi sindinaliwerenge.

Nde poyambira pake ndi pomwepo, werengani matewera, kulirako kusiyeni kaye. Tsiku loyamba limodzi kapena awiri onyowa ndi zabwinobwino, kenako amanka nawonjezekera, ndipo kuyambira tsiku la 5 muziyembekezera 6 kapena kuposapo pa maola 24, mkodzo wake woyera osati wachikasu chakuda. Chimbudzi choyamba chimakhala chakuda bii, chomata ngati phula, chovuta kupukuta, musaope ndi mmene chimakhalira, chimasintha nkukhala chobiriwira kenako chachikasu chofewa pofika tsiku la 4 kapena la 5. Zikamayenda chonchi ndiye kuti mkaka ukulowa, olo mwanayo alire bwanji. Lembani pakapepala kapena mufoni, kungoika kamzere thewera lililonse, chifukwa ndi tulo tomwe mukhale nato simukumbukira ngakhale zoti lero ndi lachingati.

Sikelo nayonso imaopseza anthu pachabe. Pafupifupi khanda lililonse limatsika masiku oyambirira, ena mpaka 10 peresenti, kutanthauza kuti wobadwa ndi makilogalamu 3 atha kutaya magalamu ofika 300, ndipo pomakwana masabata awiri ambiri amakhala abwerera pomwe anabadwira. Akatsika kupyola pamenepo kapena masabata awiri adutsa asanabwerere, apo nde mukafunse kuchipatala.

Zoyamwitsa

Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, pena kuposa. Palibe anandiuza bwinobwino tanthauzo la nambala imeneyi, kuti ngati kuyamwa kumodzi kukutenga mphindi 30, kuphatikiza kumugeyetsa, kumusintha, kumugoneka, tsiku lonse latha ndipo simunasambe. Ndi ntchito yathunthu imeneyi, musamadzione ngati waulesi poti mwangokhala.

Masiku awiri atatu oyamba m'bere mumatuluka mkaka wochepa, wachikasu, wokhuthala, ndipo ndi pamene ambirife timayamba kukayika. Kamimba ka mwana tsiku loyamba kamangolandira mkaka wokwana ngati kasupuni kamodzi kakang'ono pa nthawi, nde timadontho timeneto tikukwana, komanso ndi timene tili ndi chitetezo chambiri ku matenda. Musaufinyire pansi. Mkaka wambiri uja umabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi la 4, mawere nkulimba gwa ngati miyala, ndipo mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, akalimbitsitsa mpaka mwana kulephera kugwira finyani pang'ono kaye ndi dzanja kuti pafewe. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira, ndiye madzulo ena mwana akamafuna bere, kusiya, pakangotha mphindi 20 kufunanso mpaka maola atatu, sikuti mkaka watha ayi, akuitanitsa wa mawa.

Osadikira alire. Akayamba kutembenuza mutu uku ndi uku, kuyasamula kakamwa ngati akufunafuna, kuyamwa tizala, mpatseni pomwepo. Mwana wolira kale amagwira bere molakwika, ndipo kugwira molakwika ndi komwe kumang'amba nsonga. Akagwira bwino pakamwa pamatseguka kwambiri, chibwano chimakhudza bere, mlomo wammunsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga ija yambiri imakhala mkamwa, osati kansonga kokha. Zikamapweteka kuyambira poyamba mpaka pomaliza musapirire ngati ndi mayeso a umayi, lowetsani kachala kakang'ono pakona pa kamwa yake, mumuchotse, muyambirenso. Ine ndinapirira sabata yathunthu mpaka magazi, zinthu zomwe anesi anakonza mu mphindi zisanu pongondisintha kagwiridwe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza bere lokha kwa miyezi 6, opanda madzi olo kutenthe bwanji, poti mkakawo madzi ali momwemo. Koma ngati pali chifukwa choti mugwiritse ntchito mkaka wa m'chitini, tsatirani muyeso wolembedwa pachitinipo ndendende, madzi owiritsa, mabotolo owiritsa, osachulutsa madzi pofuna kuti uchedwe kutha, ndipo musalole munthu akuchititseni manyazi.

Tulo, apa nde pali nkhani

Amati khanda limagona maola 14 mpaka 17 patsiku, ndipo ndi zoona, kungoti limagona moduladula, maola awiri, atatu, pena mphindi 40, osasiyanitsa usana ndi usiku. Wotchi ya mthupi mwake imayamba kukhazikika cha pa miyezi iwiri kapena itatu. Mutha kuithandizira, masana tsegulani makatani, phokoso la panyumba lizimveka, usiku kanyali kochepa chabe, osamuseweretsa, osamulankhulitsa, kuyamwa, kusintha, kugona.

Malangizo otchuka aja oti "muzigona mwana akagona" ine ndimawaona ngati oona theka. Amagwira ntchito pokhapokha pali wina amene akuchapa, kuphika ndi kutsegulira alendo nthawi imeneyo. Apo ayi mwana akangotseka maso mayi amathamangira zochapa, akamati atsamire kumva uyo wadzuka. Chomwe chinatithandiza ife ndi mashifiti. Ndikayamwitsa cha m'ma 8 usiku ndinkapita kukagona chipinda china, bambo ake nkukhala naye mpaka pakati pa usiku, akafuna bere ankabwera naye, ine nkuyamwitsa chogona cham'mbali, iwo ali maso pompo, akamaliza nkumutenganso kukamugeyetsa ndi kumusintha. Maola anayi ogona mosadukiza kwenikweni amasiyana kutali ndi maola 6 oduladula, mutu umabwerera m'malo mwake.

Abambo, ndikudziwa mawa kuli ntchito, komatu anzanuwa nawonso mawa ali pantchito, ndipo thupi lawo likadali ndi bala. Kuyamwitsa kokha ndi komwe simungathe. Thewera, kugeyetsa, kusambitsa, kuyenda naye uku ndi uku, zonsezi manja anu akwanitsa, ndipo musamadikire kutumidwa, chifukwa kutuma nakonso kumatopetsa. Inunso amayi, akamanga thewera mopotoka asiyeni, mukawakonza kawiri katatu aleka nkumati inu ndi amene mumatha. Ngati mukulera nokha, sankhani munthu mmodzi womudalira ndipo mumupemphe chinthu chodziwika, monga kubwera masana maola atatu kuti mugone, osati kungoti "muzindithandizako".

Pogoneka pasakhale zokambirana. Chagada nthawi zonse, usana ndi usiku, pamalo osalala olimba bwino, opanda pilo, zidole kapena bulangeti lolemera lomwe lingamuphimbe nkhope. Agone chipinda chimodzi ndi inu miyezi 6 yoyamba. Malo oopsa kwambiri ndi pasofa kapena pampando, pomwe munthu umati ndingotseka maso pang'ono mwana ali pachifuwa, nde mukaona tulo tikukugonjetsani mgonekeni pake kaye. Amene wamwa mowa, amasuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa asagone bedi limodzi ndi khanda.

Akalira osatonthola

Kulira kumanka kukuwonjezekera kuyambira cha pa masabata awiri, kumafika pachimake cha pa masabata 6, makamaka madzulo, kenako kumatsika pofika miyezi itatu kapena inayi. Kudziwa izi kokha kunandipepukitsa mtima, poti ndinkaona ngati ndikulakwitsa china chake tsiku ndi tsiku. Yambani ndi zodziwika, njala, thewera, mpweya m'mimba, kutentha kapena kuzizidwa, ndipo pofuna kudziwa gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, manja ndi mapazi a khanda amazizira kale. Zonse zili bwino koma akulirabe, mvuleni atsale ndi thewera, mumuike pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, mufunde nonse, muziyenda pang'onopang'ono mukung'ung'udza kanyimbo. Khanda siliwonongeka ndi kunyamulidwa, zoti muzolowetsa manja zisiyeni.

Tsiku lina mudzamva mkwiyo ukukwera, ndipo sikuti ndinu kholo loipa. Mukafika pamenepo mgonekeni chagada pamalo pake, tulukani, tsekani chitseko, pumani mphindi 10, imbirani wina foni. Kulira mphindi 10 sikumupweteka, koma kumugwedeza mwamphamvu olo kwa masekondi ochepa kutha kutulutsa magazi mu ubongo, mwana nkulumala kapena kumwalira. Muwauzenso onse amene mumawasiyira mwana.

Mchombo ungofuna ukhondo ndi kuuma, pindani thewera likhale mmunsi mwake, osapakapo chilichonse kupatula chomwe akupatsani kuchipatala, umagwa wokha pakati pa sabata imodzi ndi atatu. Kusambitsa kawiri katatu pasabata kwakwana, masiku enawo kungopukuta nkhope, m'khosi ndi malo a thewera. Liwombo likamagunda ndi bwinobwino.

Alendo abwere, koma asambe m'manja, wachimfine adikire, wa tizilonda tapamilomo asampsompsone mwana zivute zitani. Malangizo nde mulandira ambiri otsutsana, ena ochokera kwa anthu oti simungawayankhe, ine ndinaphunzira kungoti "zikomo ndamva" kenako nkukafunsa anesi.

Nanga mayiyo?

Aliyense akalowa amathamangira mwana, wobereka uja palibe amamufunsa. Magazi amapitiriza kutuluka mpaka masabata 4 kapena 6, akucheperachepera ndi kusintha mtundu. Idyani mokwanira, madzi akhale pafupi pomwe mumayamwitsira poti ludzu lake si lamasewera. Cha pa tsiku lachitatu amayi ambiri amangolira popanda chifukwa, kukwiya msanga, nkhawa, ndi mahomoni amene atsika mwadzidzidzi kuphatikiza kusagona, ndipo zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira pamenepo, simukusangalala ndi kalikonse, tulo sitikubwera olo mwana wagona, mukudziona wachabechabe kapena kukubwera maganizo odzipweteka kapena kupweteka mwana, amenewo ndi matenda a kukhumudwa obwera pambuyo pobereka, amagwira amayi oposa mmodzi mwa 10 alionse, abambonso ena amawapeza, ndipo amachizika. Kauzeni adokotala, maganizo odzipwetekawo tsiku lomwelo. Komanso ngati chikondi chija amachinena sichinakugwereni tsiku loyamba musadzizenge mlandu, kwa ine chinabwera pang'onopang'ono, mwina sabata yachitatu.

Pali zizindikiro zoti simudikira kuti kuche, simufunsa pa gulu la WhatsApp, mumangonyamuka. Kwa mwana: wakana kuyamwa, thupi latentha kufika madigiri 38 kapena lazizira kwambiri, akupuma mofulumira ka 60 kapena kuposa pa mphindi, pachifuwa pakulowa mkati popuma, akukomoka, wafooka osadzuka olo mumugwedeze phazi, masanzi obiriwira, mchombo wafiira kuzungulira kapena ukutuluka mafinya, liwombo latupa kapena lalowa mkati, chikasu chaoneka pakhungu kapena m'maso tsiku loyamba lenilenilo kapena chafika m'manja ndi kumapazi. Kwa mayi: magazi ochuluka odzadza padi mu ola limodzi, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kubanika, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka. Konzeranitu mayendedwe a usiku ndi nambala yoimba zisanachitike, kachikwama ka mwana ndi makadi akuchipatala zikhale pamodzi.

Olo zonse zikuyenda bwino, WHO imati mayi ndi mwana aonedwe ndi achipatala m'maola 24 oyamba, kenako pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, komanso pa masabata 6, ndipo masiku a katemera awalemba pakadi, musawaphonye. Za kulera musadikire kuti msambo ubwerere kaye, mimba imatha kulowa usanaoneke nkomwe. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi, mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikangosowa chitetezo chapita, nde funso limeneli mulifunse ulendo wa masabata 6 usanadutse, abambo ali pomwepo akumva nawo.