Musadule ndalama ya ganyu munthu atagwira kale

Chaka chino minda yambiri ya thonje kuyambira ku Ngabu mpaka ku Bangula yalowa tchire, ndipo musanamizire mvula. Eni minda asowa opalira. Aganyu alipo ndithu, koma ayamba kusankha kokagwira, ndipo ine sindikuwadzudzula.

Khalidwe lake ndi lomwe lija. Mwagwirizana mtengo wa ndime m'mawa, munthu wapsa ndi dzuwa la kuno kuchigwa tsiku lonse, madzulo inu n'kuyamba kuti apa udzu unali wochepa, n'kumudula ndalama. Ena poyeza ndime mumatambasula miyendo dala kuti mapazi atalike, poganiza kuti sakuonani. Ena ndiye mumangoti "mudzalandira tikagulitsa thonje." Kupalira mu Januwale, msika wa thonje mpaka dzinja litatha! Munthu wanyamula khasu chifukwa m'nyumba mulibe ufa lero. Ana ake adya lonjezo lanu?

Thonje limakula pang'onopang'ono likangomera, ndipo udzu ukalipitirira m'masabata 6 oyamba, zokolola zatsika basi, ngakhale mupopere mankhwala motani. Waganyu amene sakukukhulupirirani sapalira, amangokwirira udzu ndi dothi kuti ndime ithe msanga, mvula ikagwa udzu uja n'kudzukanso. Mukam'patsa sipuleya adumpha mizere. Nthawi yothyola akachedwa kubwera, thonje limagwa pansi n'kuda, limene likadakhala giredi A n'kupita ku B. Ndalama yomwe munabisa ija simungaiyerekeze ndi yomwe mutaye pasikelo.

Bambo wina wa kufupi ndi Ngabu anandiimitsa pamsewu, nkhope ili gwaa. "Alangizi, anthu a masiku ano ndi aulesi, onse akuthamangira kunzimbe ku Nchalo." Koma munda woyandikana ndi wawo, wa mayi wamasiye, unali mbee, wopaliridwa kawiri. Mayiyo ndalama alibe zambiri. Amauza anthu ntchito isanayambe kuti lero ndili ndi ya ndime zitatu zokha, yotsalayo ndikupatsani mapira Loweruka, ndipo Loweruka likafika mapira amatuluka. Amayi akakumana pamjigo nkhani zimenezi amakambirana, ndipo pofika mawa mudzi wonse wadziwa woyenera kumugwirira ntchito ndi woyenera kumuzemba.

Ndimatopa kumva zoti makolo athu ankatero, kuti wantchito ukamulipira msanga amathawa. Amathawa ndani? Nanunso amakomiti a masikimu a ulimi wothirira monga Muona ndi Nkhate, anthu amene amachotsa mchenga m'ngalande madzi akasefukira, ngati muja zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, amakumbukira bwino amene anasunga mawu ake.

Tsono chitani izi. Yezani ndime ndi chingwe, nonse mukuona. Mtengo unenedwe pali mboni, ulembedwe m'kope. Ngati ntchito sinakome, nenani munthu akadali m'munda kuti abwereze, osati polipira. Amene muli nawo ngongole ya chaka chatha, kawalipireni musanawaitanenso kudzathyola.