Momwe mungapindulire ndi attachment ya marketing pa kampani yayikulu

Ophunzira ambiri amapita ku attachment ya marketing akuganiza kuti akukapeka mawu okoma otsatsira malonda. Akafika amapeza kuti nthawi yambiri imathera kudikira mabwana kuti avomereze ntchito, kulowetsa manambala mu Excel ndi kukumbutsa anthu amene sanayankhe imelo. Izi zisakufooleni. Cholinga chanu chikhale kugwira ntchito imodzi, ngakhale yaying'ono, kuchokera pa brief (malangizo ofotokoza ntchito imene ikufunika) mpaka pa lipoti, n'kutha kufotokoza ndi manambala zimene yabweretsa.

Sabata yoyamba: dziwani amene amavomereza

Musanayambe kupanga chilichonse, pemphani brand guidelines, kalendala ya makampeni ndi mndandanda wa anthu amene amasayinira ntchito isanatuluke. Brand guidelines ndi buku lofotokoza mitundu (colours) imene kampani imagwiritsa ntchito, zilembo zake, kaikidwe ka logo ndi kalankhulidwe kake kwa makasitomala. Ntchito zambiri za ophunzira zimabwezedwa pa zinthu zomwe zinalembedwa kale m'bukumo, monga logo yotamuka kapena mtundu wongofanana ndi weniweni.

Nkhani ya osayinira ndiyo imasokoneza kwambiri. Uthenga umodzi wa pa Facebook ukhoza kudutsa kwa supavaiza wanu, kwa brand manager, kenako kwa a zamalamulo. A zamalamulowa amaunika lonjezo lililonse: mukalemba kuti "zaulere" kapena "zotchipa kuposa zonse", adzafuna umboni, ndipo pa mpikisano adzafuna malamulo ake ndi tsiku lotsekera. Funsani kuti aliyense amatenga masiku angati, muwonkhetse, ndipo muwerengere chobwerera kuchokera pa tsiku lotulutsa. Ngati atatuwo amatenga masiku awiri aliyense, ntchito yanu ikhale itatha masiku 6 ogwira ntchito tsikulo lisanakwane, kuonjezapo ena okonzera zomwe angabweze. Ndipo ngakhale mutapatsidwa password ya tsamba la kampani, musaponyepo kanthu popanda chilolezo cholembedwa.

Sabata yomweyo gwirizanani ndi supavaiza zolinga ziwiri kapena zitatu, muzilembe, ndipo mupemphe mphindi 15 sabata iliyonse zoti muzikambirana. Logbook ya kusukulu muzilemba tsiku lomwelo, chifukwa yolemba kumapeto imadzaza ndi mawu opanda mutu.

Musayambe ntchito popanda brief

Brief yabwino imayankha mafunso awa: tikufuna chichitike chiyani, tikulankhula ndi ndani, uthenga wake ndi uti, woona uthengawo achitepo chiyani, bajeti ndi yochuluka bwanji, ntchito ikufunika liti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti yayenda. Nthawi zambiri wophunzira amangouzidwa pakamwa, bwana akuthamangira ku msonkhano. Mukakhala pansi, lembani zomwe mwamva m'mizere yochepa, mumutumizire pa imelo ndi kufunsa ngati mwamva bwino. Kaimelo kameneka kamapulumutsa masiku ambiri.

Pa kampani yayikulu aliyense amaona wophunzira ngati munthu amene ali ndi mpata. Akakutumani anthu anayi nthawi imodzi, musangovomera zonse. Apititsireni supavaiza mndandandawo kuti anene choyambira.

Zimene zimalakwika pa mafayilo

Chithunzi chooneka bwino pa kompyuta chikhoza kutuluka chosaoneka bwino pa pepala. Za pa intaneti zimapangidwa mu RGB, njira yoonetsera mitundu pa sikirini, pomwe osindikiza amagwiritsa ntchito CMYK, njira yopangira mitundu ndi inki, n'chifukwa chake mitundu yowala imazilala ikasindikizidwa. Zithunzi zosindikiza pa timapepala ndi mabuku zimafuna 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo osindikiza ambiri amafuna bleed, kutanthauza kuti chithunzi chipitirire malire ndi 3 mm m'mbali, kuti podula pasatsale mzere woyera. Pemphani proof (chitsanzo cha zomwe zikasindikizidwe) ndipo muiwerenge muli awiri: mtengo, nambala ya foni, tsiku lotha promotion. Imbani nambalayo, yesani QR code ndi foni yanu.

Chithunzi chimene mwachipeza pa Google chili ndi mwini wake, choncho gwiritsani ntchito zokhazo zimene kampani inagula kapena kujambulitsa. Musauzenso wosindikiza kapena agency (kampani yopangira ena zotsatsa malonda) kuti ayambe ntchito purchase order (chikalata cha kampani choitanitsira ntchitoyo) isanatuluke, chifukwa a zachuma akhoza kukana kulipira.

Phunzirani kuwerenga zotsatira

Apa ndi pamene muyenera kuikapo mtima. Impressions ndi kuchuluka kwa nthawi zimene uthenga waonekera, pomwe reach ndi kuchuluka kwa anthu amene auona. Munthu mmodzi akauona katatu, impressions ndi 3 koma reach ndi 1. Kusakaniza ziwirizi mu lipoti kumachititsa kuti manambala ena onse akayikiridwe.

CTR, imene imasonyeza gawo la impressions zimene zabweretsa click (kudina pa uthenga), mumaipeza pogawa maclick ndi impressions n'kuchulukitsa ndi 100. Mwachitsanzo, maclick 300 pa impressions 20,000 ndi 1.5%. Koma click si malonda. Mwa anthu 300 aja, ndi angati anagula kapena kulembetsa? Ngati ndi 12, gawani ndalama zonse zimene zalowa ndi 12 kuti mudziwe mtengo wopezera kasitomala mmodzi. Imeneyo ndiyo nambala imene mabwana amaifuna, osati malike.

Kuti mudziwe kumene anthu achokera, link iliyonse ikhale ndi UTM yakeyake (timawu toika kumapeto kwa link tosonyeza kumene munthu wachokera) kampeni isanayambe. Mukaiwala, Google Analytics, pulogalamu yowerenga obwera pa webusaiti, siidzatha kusiyanitsa bwino obwera kudzera pa imelo ndi obwera mwa njira zina, ndipo zimenezo sizikonzeka pambuyo. Poyerekeza mauthenga awiri, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya chithunzi kaya mutu. Mukasintha zonse, simudzadziwa chimene chakopa anthu. Pivot table ya mu Excel, chida choonetsera manambala ambiri mwachidule, iphunzireni m'masabata oyambirira, idzakuthandizani pa lipoti lililonse.

Zinsinsi za kampani

Mayina ndi manambala a makasitomala musawakopere pa flash yanu, pa imelo yanu kapena pa WhatsApp. Potumiza uthenga kwa anthu ambiri, gwiritsani ntchito pulogalamu imene kampani imatumizira, osati kuika maadiresi onse poonekera. Malonda amene sanalengezedwe musawajambule n'kuika pa status.

Masabata awiri otsiriza

Lembani tsamba limodzi la amene adzapitirize ntchito yanu: zomwe zatha, zomwe zatsala, kumene kuli mafayilo ndi amene akudikira yankho. Kalata ya umboni ipempheni mukadali pomwepo, ndipo mupatseni supavaiza mndandanda wa zimene munagwira kuti kalatayo itchule zenizeni. Funsani zimene mukuloledwa kuika mu portfolio (zitsanzo za ntchito zanu zoonetsa pofunsira ntchito). Ngati manambala enieni ndi achinsinsi, pemphani chilolezo chowalemba m'maperesenti, monga kuti CTR inakwera kuchoka pa 1% kufika pa 1.5% mutasintha chithunzi.